PHUNZIRO LACHISANU NDI CHIMODZI: KULONGOSOLA ZA M'BOKOSI TIDAKALI MOYO

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza phunziroli, aliyense wa ife athe:

(a) kusiyanitsa zikalata zofunika, zithunzi, zikumbutso ndi zinthu zongodzaza malo;

(b) kudziwa kasungidwe kake kuti chiswe, makoswe ndi mvula zisaononge;

(c) kudziwa zimene lamulo la dziko lathu likunena pa katundu wa munthu womwalira;

(d) kuyamba kukambirana nkhaniyi pabanja mopanda mantha.

Mawu oyamba

Abale ndi alongo, pafupifupi m'nyumba iliyonse kuno ku Ntcheu muli bokosi. Kwina ndi bokosi lachitsulo limene agogo adabwera nalo kuchokera ku Joni, kwina ndi sutikesi yakale yomanga ndi chingwe, kwina ndi jumbo chabe yotsomeka kudenga. Mmenemo ndimo timasunga zimene sitifuna kuti zitayike. Kawirikawiri amene amadziwa za m'bokosimo ndi munthu mmodzi yekha, mwini wakeyo. Iye akadwala kwambiri kapena akamwalira, bokosi limatsala koma nzeru zake zimapita naye kumanda.

M'phunziro lino tikambirana za ntchito imene ambirife timaizengereza: kutsekula bokosi lija, kusankhula zam'katimo, ndi kufotokozera ana athu tidakali ndi mphamvu. Ntchitoyi njaing'ono ndipo siilira ndalama, koma imapulumutsa amasiye ku mavuto aakulu.

1. Kodi m'bokosi muli chiyani?

Bokosi la munthu wachikulire wa m'boma lino limasunga mbiri ya banja, ndiponso mbiri ya dziko. Taganizani zina zimene zimapezekamo.

Mumapezeka makhadi a ubatizo, a ulimbitso ndi a ukwati. Mishoni ya Nzama idatsekulidwa ndi ansembe a chipani cha Montfort m'chaka cha 1901, m'dera la mfumu Njobvuyalema. Choncho alipo mabanja kuno amene Chikhristu chawo chafika mibadwo inayi kapena isanu, ndipo khadi lakale lingatiuze parishi ndi chaka chimene kholo lathu lidabatizidwa.

Mumapezeka mapepala a ku migodi. Amuna ambiri a kuno adapita ku Joni kudzera ku Wenela. Boma lidaimitsa ulendowu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Ulendo udayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA mpaka udatha mu 1988. Amene adapitako adabwera ndi ziphaso, manambala a ntchito ndi zithunzi zojambulitsa atavala zipewa za mumgodi.

Mumapezekanso nsalu ya ulendo wa Papa Yohane Paulo Wachiwiri amene adayendera Malawi mu May 1989, ndalama zachitsulo za nthawi ya mapaundi tisanayambe kwacha mu 1971, makalata a abwenzi ochokera ku Mozambique amene tidakhala nawo m'malire muno pa nthawi ya nkhondo ya kwawo, korona wa amayi, mendulo, ndi mabuku a mapemphero. Pakhoma kapena kudenga pamakhala chishango ndi chibonga zimene bambo ankavinira ngoma.

Pakati pa zonsezi pamakhalanso malisiti a feteleza a zaka zamakedzana, mabatire akutha, mankhwala otsala ndi makiyi amene maloko ake adatayika kale. Zamtengo ndi zachabechabe zimagona pamodzi.

2. Zimene zimachitika mwini bokosi akapita

Tonse tidaonapo zimene zimachitika maliro akatha. Abale amasonkhana kuti agawane zovala ndi katundu wa malemu. Anthu amakhala atatopa, mitima ili yowawa, ndipo ochokera kutali akufulumira kuti akakwere basi. Bokosi limatsekulidwa mothamanga. Apa pamabuka mavuto atatu.

Vuto loyamba ndi kutayika kwa zikalata. Wosadziwa kuwerenga, kapena wodziwa koma wofulumira, amaona mapepala achikasu n'kunena kuti ndi zinyalala. Amawakolezera moto kapena ana amakutira mabuku a kusukulu. Patapita miyezi, mayi wamasiye akapita kukafunsa za ndalama za mwamuna wake, amauzidwa kuti abweretse pepala lomwe lija lidapsa.

Vuto lachiwiri ndi mikangano. Abale sakanganira ng'ombe ndi nyumba zokha ayi. Amatha kudana zaka zambiri chifukwa cha chithunzi chimodzi cha ukwati, wailesi yakale kapena nsalu ya mayi. Wina amati, “Mayi adandiuza kuti nsalu iyi ndi yanga.” Winanso amati adauzidwa chimodzimodzi. Amene akadaweruza ali kumanda. Ngakhale Ambuye Yesu adafikiridwa ndi munthu wodandaula za m'bale wake pa nkhani ya kugawana chuma chamasiye (Luka 12:13-15).

Vuto lachitatu ndi kufa kwa mbiri. Chithunzi chopanda dzina chimakhala ngati munthu wosalankhula. Ana amachiyang'ana n'kumafunsana kuti, “Kodi awa ndani?” Pakasowa woyankha, chithunzicho chimatayidwa, ndipo nkhope ya agogo imaiwalika mpaka muyaya.

3. “Kodi kumeneku si kudziitanira imfa?”

Ili ndi funso limene limabwera nthawi zonse tikamakamba nkhaniyi m'miphakati. Ambiri amaopa kuti munthu akayamba kulongosola katundu wake ndiye kuti akudzilosera. Ena amaopa kuti ana akamva nkhaniyi ayamba kuwerengera masiku a kholo lawo.

Tiyeni tione m'Malembo Oyera. Mneneri Yesaya adauza mfumu Hezekiya, ili kudwala, kuti ikonze za panyumba pake. Mfumuyo idapemphera, ndipo Mulungu adaionjezera zaka 15 (Yesaya 38:1-5). Kumva za kukonza nyumba sikudaiphe. Masiku athu ali m'manja mwa Mulungu, sali m'bokosi.

Chitsanzo china chili m'buku la Tobiti. Tobiti adaasungitsa ndalama kwa munthu wina dzina lake Gabaele, kutali ku dziko la Mediya. Ataona kuti wakalamba ndipo maso achita khungu, adaitana mwana wake Tobiyasi, namuuza za ndalamazo, malo ake ndi dzina la wosungayo. Mwanayo atafunsa kuti munthuyo akamukhulupirira bwanji, bambo wake adamufotokozera za chikalata chaumboni chimene adalemberana (Tobiti 4:20 mpaka 5:3). Tobiti akadakhala chete, chuma chija chikadatayika. Ndipo iye sadafe nthawi imeneyo: adapenyanso nakhala zaka zina zambiri.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Mlimi amafolera nyumba mu October, kumwamba kuli mbee, ndipo palibe amene amamunena kuti akuitana mphepo yamkuntho. Nkhaniyi si ya Amalawi okha. Ku Sweden anthu achikulire ali ndi chizolowezi chochepetsa ndi kulongosola katundu wawo kuti ana asadzavutike, ndipo mayi wina wa kumeneko, Margareta Magnusson, adalembapo buku mu 2017 limene lidamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Iwo vuto lawo ndi kuchuluka kwa katundu. Ife katundu wathu ngwochepa, n'chifukwa chake kutayika kwa pepala limodzi kumapweteka koposa.

4. Milu inayi

Sankhani tsiku lopanda mvula, makamaka nyengo yokolola itatha. Yalani mkeka pakhonde kapena m'nyumba mowala. Itanani mkazi kapena mwamuna wanu, ndi mwana kapena mdzukulu mmodzi wodziwa kulemba. Mukhale ndi kope latsopano, pensulo ndi maenvulopu. Kenaka gawani za m'bokosi m'milu inayi.

Mulu woyamba: zikalata

Izi ndizo zofunika koposa. Muike pamodzi:

- chiphaso cha unzika, chimene bungwe la National Registration Bureau lidayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017, ndi zikalata za kubadwa za ana;
- setifiketi ya ukwati ndi makhadi a masakramenti;
- mapepala a munda, puloti kapena nyumba, pamodzi ndi makalata a mgwirizano ngati mudagula malo;
- mabuku a kubanki, a SACCO ndi a banki m'khonde;
- makalata a ntchito, a penshoni ndi a inshulansi;
- malisiti a katundu wamkulu monga njinga yamoto, ngolo, chigayo kapena makina osokera;
- ngongole zimene inu muli nazo, ndi zimene ena ali nazo kwa inu.

Za ngongole musabise. Pamaliro pamabwera anthu onena kuti malemu adakongola kwa iwo, ena oona, ena onama. Ngati zidalembedwa m'kope, amasiye amadziwa woti amubwezere ndi woti amukanize.

Amene mudagwira ntchito kapena muli pantchito, kafunseni ngati maina a odzalandira penshoni yanu adalembedwa bwino. Ambiri adalemba maina ali anyamata, asanakwatire, ndipo sadasinthe.

Mapepala a ku migodi musataye, ngakhale mwini wake adamwalira. Mu 2018 makampani a migodi ya golide ku South Africa adavomera kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni randi kwa anthu amene adadwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi chifuwa chachikulu chifukwa cha ntchito ya mumgodi. Ndalamazi zili m'manja mwa bungwe la Tshiamiso Trust, ndipo zikukhudza amene adagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019, kuphatikizapo ochokera m'maiko oyandikana monga Malawi, komanso amasiye awo. Si aliyense wopita ku Joni amene angalandire, koma wopanda umboni wa mgodi umene adagwirako amavutika kwambiri. Chenjerani ndi anthu oyenda m'midzi kutolera ndalama kapena kutenga mapepala anu ponena kuti akakuthandizani. Funsani ku ofesi ya za ntchito pa boma.

Zikalata zonse zikulungeni m'pulasitiki youma ndi kuziika m'bokosi lachitsulo. Bokosilo lisakhale pansi penipeni koma pa njerwa kapena pa thandala, kutali ndi khoma lachinyontho. Mukapita pa boma chititsani fotokope zofunika kwambiri, ndipo musungitse kwa mwana kapena m'bale wodalirika wa nyumba ina. Moto kapena madzi zikaononga nyumba imodzi, kwinako zidzatsala.

Mulu wachiwiri: zithunzi

Apa ndi pofunika kudekha, pakuti ndi pamene pali nkhani zambiri. Tengani chithunzi chimodzichimodzi. Kuseri kwake lembani zinthu zinayi: maina a anthu kuyambira kumanzere, mfunda wawo ndi ubale wawo kwa inu, malo, ndi chaka. Ngati chaka mwaiwala, lembani chochitika chimene mukukumbukira, monga “chaka cha riferendamu” (1993) kapena “chaka cha njala” (2002). Osangolemba kuti “amalume”, popeza mdzukulu wobadwa mawa sadzadziwa kuti ndi amalume a yani.

Lembani ndi pensulo yofewa, mosakanikiza. Inki ya bolopeni imalowerera ndipo imadetsa chithunzi china chimene chagundana nacho. Zithunzi zimaopa zinthu zinayi: chinyontho, dzuwa, utsi ndi tizilombo. Chithunzi chopachika m'nyumba yophikiramo kapena moyang'anana ndi zenera chimafufuma msanga. Zimene zamatirirana musazikoke mwamphamvu. Musamate ndi selotepi kumaso kwake.

Ngati pali zithunzi ziwiri zofanana, perekani chimodzi lero lomwe kwa mwini nkhopeyo kapena kwa ana ake. Chithunzi chimene chili chimodzi chokha, monga cha ukwati wa makolo, mdzukulu achijambule bwino ndi foni pamalo owala, n'kutumiza kwa abale onse a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni. Aliyense angakatsukitse chake. Motero chinthu chimene chikadagawanitsa abale chimafika kwa onse.

Pamene mukulongosola, fotokozani nkhani zake ndipo mdzukulu alembe m'kope. Kodi makolo anu adachokera kuti? Adafika liti pamudzi pano? Chaka ndi chaka Angoni a kwa Maseko amasonkhana pa Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano kukumbukira Inkosi Gomani woyamba amene adaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Mtundu umakumbukira mafumu ake chifukwa ena adasunga mbiri. Mbiri ya banja lanu idzasungidwa ndi yani ngati inu simuinena?

Zithunzi ndi zinthu zina zakale kwambiri zimaposa banja limodzi: chithunzi cha kumanga tchalitchi, cha sukulu yoyamba ya m'mudzi, cha mfumu yakale. Ngati palibe wozisamala, musataye. Kambiranani ndi bambo mfumu a parishi. Ku Mua kuli malo a KuNgoni amene adayambitsidwa ndi bambo Claude Boucher mu 1976, osungirako za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo ku Zomba kuli nyumba ya boma yosungira zolembedwa zakale.

Mulu wachitatu: zikumbutso

Izi ndi zinthu zimene pamsika sizingagulidwe ndalama zambiri koma pamtima n'zolemera. Pa chilichonse dzifunseni kuti: ndani angachikonde ndi kuchigwiritsa ntchito? Chishango chipite kwa mwana amene amavina ngoma. Buku la nyimbo lipite kwa wa m'kwaya. Makina osokera apite kwa wodziwa kusoka.

Zina perekani tsopano, ndi manja anu, abale ena akuona. Mphatso yolandira kwa kholo lamoyo imabwera ndi dalitso ndipo palibe amene angaitsutse. Abrahamu adapereka mphatso kwa ana ake ena iye adakali moyo (Genesis 25:5-6). Yesetsani kuti mwana aliyense, wamkazi ndi wamwamuna, wapafupi ndi wakutali, alandireko kanthu.

Koma pano pafunika nzeru. Buku la Mphunzitsi Sira (33:20-24) limachenjeza munthu kuti asagawe chuma chake chonse adakali moyo, kuopa kuti angayambe kupempha kwa ana ake omwe. Choncho sitikunena kuti mupereke nyumba, munda, bedi kapena mbuzi zimene mukudalira. Zimenezo zilembedwe mu wilo. Zimene tikunena pano ndi zikumbutso zimene zikungogona m'bokosi.

Mulu wachinayi: zochotsa

Malisiti opanda ntchito, zovala zodyeka ndi njenjete ndi ziwiya zothyoka zichotsedwe. Zovala zabwino zimene simuvalanso zikathandize osowa a mu mphakati wanu. Mankhwala otsala musapatse wina: abwezeni kuchipatala. Zinthu zodalitsidwa zimene zaonongeka, monga korona woduka kapena chithunzi choyera chong'ambika, sizitayidwa kudzala. Zimakwiriridwa pamalo aulemu kapena kuwotchedwa, phulusa lake n'kukwirira.

Palinso makalata achinsinsi. Ena ali ndi mawu a mkwiyo pa milandu imene idatha kale ndipo anthu adakhululukirana. Amenewo ndi bwino kuwotcha kuti asadzadzutse chidani pakati pa ana. Koma chinsinsi chokhudza ufulu wa munthu wina, monga mwana amene mudabereka kwina, sichiwotchedwa. Chimafunika kuulula inu muli moyo, mothandizidwa ndi ankhoswe kapena wansembe. Mwana wotulukira pamaliro amavutika, ndipo banja lonse limavulala.

5. Bokosi latsopano: foni ya m'manja

Masiku ano zithunzi zambiri zili m'foni, ndipo ndalama zina zili ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba. Foni ikagwa m'madzi kapena ikabedwa, zithunzi za zaka zambiri zimapita tsiku limodzi. Sankhani zofunika zochepa, monga za ubatizo ndi ukwati, mukatsukitse papepala. Lembani m'kope manambala a foni amene muli ndi ndalama, kuti am'banja adzadziwe kokafunsa atatenga chikalata cha imfa. Nambala yachinsinsi musalembe poonekera ndipo musauze munthu wokuimbirani foni, ngakhale anene kuti ndi wa kukampani.

6. Kodi lamulo likuti chiyani?

Lamulo loona za chuma chamasiye limene tikugwiritsa ntchito lidakhazikitsidwa mu 2011, kulowa m'malo mwa lija la 1967. Mfundo zake zofunika pa phunziro lathu ndi izi:

(a) Munthu aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo, wamutu wabwino, mwamuna kapena mkazi, angathe kulemba wilo.

(b) Wilo ikhale yolembedwa, ndipo mwini wake asayine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisayine. Musasankhe mboni pakati pa anthu amene mwawapatsa kanthu mu wiloyo. Ingathe kusungidwa kwa bwanamkubwa, kukhoti kapena kwa loya.

(c) Kope lija la zikumbutso limathandiza banja, koma palokha si wilo. Chinthu chilichonse chamtengo chimene mukufuna kuti chipite kwa munthu wakutiwakuti chilembedwe mu wilo.

(d) Munthu akamwalira wopanda wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, kenaka ena amene ankadalira iye. Wotsalayo ali ndi ufulu wosunga katundu wa m'nyumba mwake.

(e) Wilo ikasiya mkazi, mwamuna kapena ana pamavuto, khoti lingathe kuwaganizira.

(f) Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Wolakwa angalipitsidwe, kulamulidwa kubweza, ndiponso kumangidwa mpaka zaka 10.

Kuno kwathu ena ali pa chikamwini, ena pa chitengwa. Amalume, ankhoswe ndi eni mbumba ali ndi udindo waukulu wolangiza ndi kuyanjanitsa, koma mwambo sungachotsere mayi wamasiye kapena ana zimene lamulo lawapatsa. Wovutitsidwa akadandaule kupolisi, kwa bwanamkubwa, kukhoti, kapena ayambe wafunsa uphungu kwa a Chilungamo ndi Mtendere a m'parishi.

7. Sewero lalifupi

Anthu atatu achite seweroli, kenaka gulu lipitirize.

Bambo: ANangozo, tabwera nalo kuno bokosi lija. Ndikufuna mdzukuluyu alembe maina kuseri kwa zithunzi.

Mayi: Iii abambo, mwayamba zotani? Kodi mukumva kuwawa penapake?

Bambo: Ndili bwinobwino. Koma tandiuzani, pa chithunzi ichi, amene aima pambali pa malemu apongozi anuwa ndani?

Mayi: Ameneyo… kodi si alamu aja a ku Tsangano? Kapena ndi aphunzitsi aja?

Bambo: Mwaona? Ngati inu mukukayika, nanga ana adzadziwa bwanji?

Mdzukulu: Agogo, nanga kapepala kachikasu aka nditaye?

Bambo: Usayerekeze! Imeneyo ndi nambala yanga ya ku mgodi. Tenga pensulo, ndikuuze.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Popanda kutchula maina, fotokozani mavuto amene mudaonapo chifukwa cha zikalata zotayika kapena katundu wa malemu.
2. N'chifukwa chiyani amuna ena amabisira akazi awo za m'bokosi, ndipo akazi ena amabisira amuna awo? Zotsatira zake n'zotani?
3. Mwana angayambe bwanji nkhaniyi kwa kholo lake mwaulemu, kuti lisaganize kuti akufuna chuma?
4. Ndi miyambo iti ya kugawa katundu wa malemu imene imateteza amasiye, ndipo ndi iti imene imawapondereza?
5. Mu mphakati wathu muli okalamba angati okhala okha, amene alibe wowathandiza kuwerenga mapepala awo?

Zoti tichite tisanakumanenso

Banja lililonse litsekule bokosi lake ndi kupatula mulu woyamba, wa zikalata. Aliyense alembe maina kuseri kwa zithunzi zosachepera zisanu. Mphakati usankhe anthu awiri okhulupirika, mayi ndi bambo, oti akayendere okalamba okhala okha ndi kuwathandiza, ngati eni ake avomera, pamaso pa m'bale wawo mmodzi. Oyenderawo asatenge kanthu kalikonse kupita nako kwawo ndipo asaulule zimene aona.

Pa msonkhano wotsatira aliyense adzabwere ndi chithunzi chimodzi kapena chikumbutso chimodzi, ndipo adzafotokozere gulu mbiri yake ndi munthu amene akufuna kumusiyira. Phunziro lotsatira lidzakhala la kalembedwe ka wilo.